Mafunso a owerenga: kuchoka pa bwalo la mfumu mpaka ku Assembleia Provincial ya Tete

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimalima kachewere ndi chimanga ku Dómuè, m'boma la Angónia. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikutsogolera anzanga podandaula za msewu wathu umene umaduka dzinja lililonse, ndi mjigo umene unafa kalekale. Tsopano anthu akuti ndidzaime pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawo. Ndiyambire pati? Nanga n'zotheka popanda chipani?

Yankho: Achimwene, nthawi muli nayo, koma musaiwerengere. Chisankho cha nyumba imeneyi, Assembleia Provincial, chimachitikira limodzi ndi cha pulezidenti pakapita zaka zisanu zilizonse. Chomaliza chinali pa 9 Okutobala 2024, ndiye chotsatira chikugwera mu 2029.

Yambani mwamvetsa kavotedwe kathu. Kutsidya ku Dedza phungu amaima ndi dzina lake ndi nkhope yake. Kuno ku Mozambique wovota amasankha mndandanda wonse wa chipani, ndipo mayina amalowa motsata nambala. Pa mipando 100 iliyonse, 85 imagawidwa ku maboma molingana ndi kuchuluka kwa anthu olembetsa, ndipo 15 yotsalayo ndi ya mndandanda wa chigawo chonse. Amene ali pamwamba pa mndandanda umenewu, cabeça de lista, ndiye amakhala bwanamkubwa chipani chake chikapeza mavoti ambiri. Dongosololi linabwera ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2018, ndipo ndi mmene a Domingos Viola analowera pa ubwanamkubwa wa Tete pa chisankho cha 2019, n'kubwereranso mu 2024.

Kwa inu zikutanthauza kuti nkhondo yaikulu ili pa nambala imene akuikeni. Tiyerekeze kuti chipani chapeza mipando itatu ku Angónia. Amene ali pa nambala 4 amabwerera kumunda, ngakhale akhale kuti ndiye anakokera anthu a Dómuè yense ku voti. Achinyamata ambiri olimbikira amagwera pamenepa. Amavomera kulembedwa kumapeto kapena ngati suplente, wongodikira kulowa m'malo mwa wina, amatha mawu ndi ndalama za feteleza pa kampeni, mipando n'kupita kwa akuluakulu a ku Tete. Musanavomere chilichonse, funsani nambala yanu, ndipo mufufuze kuti chipanicho chinapeza mipando ingati m'boma lanu ulendo watha.

Popanda chipani lamulo limalola kudzera mu grupo de cidadãos eleitores, gulu la nzika zolembetsa limene limapereka mndandanda wake ku CNE, bungwe loyendetsa zisankho m'dziko lonse. Komabe pa chisankho cha chigawo katundu wake ndi wolemera, chifukwa Tete ili ndi maboma 15, kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Gulu lotere limayenda bwino pa chisankho cha matauni, chimene chikubwera mu 2028 ku Tete, Moatize, Ulongué, Nhamayabué ndi Chitima. Inu a ku Dómuè muli kunja kwa malire a tauni ya Ulongué, choncho khomo limenelo si lanu.

Khomo lanu ndi conselho consultivo, bwalo limene oimira anthu amalangizirapo akuluakulu a boma. Mabwalo amenewa alipo pa localidade, pa posto administrativo ndi pa boma. Ena amawanyoza chifukwa amangolangiza, sagamula. Ife sitiwanyoza, chifukwa kumeneko ndi kumene zosowa za midzi zimalowera mu PESOD, ndondomeko ya chitukuko ndi ndalama za boma pa chaka. Pitani kwa a nyakwawa ndi kwa chefe wa localidade mupemphe malo a achinyamata. Mukalankhula za msewu, onetsetsani kuti mlembi walemba mu acta, pepala la zokambidwa pa msonkhano, ndipo mupemphe kope. Chimene sichinalembedwe mu acta, ku ofesi amachitenga ngati sichinanenedwe.

Gulu lanu lilembetsenso mwalamulo. Pamafunika anthu osachepera 10 ndi malamulo olembedwa a bungwelo. Popeza ndinu alimi, Decreto-Lei 2/2006 imakulolani kuvomerezedwa pomwepo m'boma lanu, osakwera basi ya ku Tete. Kalata ya mjigo ndi msewu ipite ku SDPI, ofesi ya boma yoona za mapulani ndi zomangamanga. Lembani makope awiri, limodzi alidinde ndi deti la tsiku lolandirira, mubwerere nalo. Mjigo umodzi ukaukanso chifukwa cha makalata anu, mudzakhala ndi chokambira pa tebulo la chipani chilichonse, chifukwa iwo amafuna munthu amene anthu amamumvera.

Mapepala a woimira ndi BI, khadi la wovota, registo criminal (pepala losonyeza ngati munapezekapo ndi mlandu) ndi kalata yosainidwa yovomera kuima. Chimene chimagwetsa anthu kwathu kuno ndi kalembedwe ka dzina. Pepala lina pali Mbewe, lina Mbeue, ndipo kukonza ku Registo Civil sikutha tsiku limodzi. Anzanu akuluakulu amene anabadwira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere, ayambe pano kulongosola kaundula wa kubadwa kwawo. Registo criminal yokha ndiyo musaitenge msanga, chifukwa imatha mphamvu pakapita miyezi yochepa.

Chomaliza, musalonjeze zimene mpandowo sungathe. Assembleia imavomereza ndondomeko ndi bajeti ya boma la chigawo, ndipo imafunsa bwanamkubwa mmene wagwiritsira ntchito ndalama. Apolisi, makhothi ndi migodi ndi za boma la ku Maputo, limene lili ndi woimira wake m'chigawo, Secretário de Estado, wosankhidwa ndi pulezidenti. Naye administrador, mkulu wa boma lanu la Angónia, savoteredwa. Chisankho cha maboma chimene chinkayenera kuchitika mu 2024 chinaimitsidwa mu 2023.

Funso: Ndine mayi wa ku Moatize. Fumbi la malasha timapuma ndife, koma timangomva kuti pali ndalama za migodi zimene zimabwerera kwa anthu. Zili kuti? Amayi anzanga akuti tichite zionetsero.

Yankho: Mayi, ndalamazo zilipodi m'malamulo. Kuyambira mu 2013, 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa imayenera kubwerera ku madera amene kuli migodi. Mu 2022 lamulo linawonjezera 7.25 peresenti ya chigawo ndi maboma, zonse pamodzi n'kukwana 10. Samalani apa: peresentiyo ndi ya msonkho umene kampani yalipira pa malasha okumbidwa, osati ya ndalama zonse zimene yagulitsa. Ndalamazo sizigawidwa m'manja. Zimadzera mu bajeti ya boma n'kukamangira zinthu monga makalasi, zipatala zazing'ono, mijigo ndi misika, ndipo anthu a deralo amayenera kufunsidwa posankha ntchitozo.

Musanaguba, funsani polemba. Lei 34/2014, lamulo lopatsa nzika ufulu wodziwa zimene boma likuchita, limapatsa ofesi masiku 21 kuti iyankhe. Funso likhale lakuthwa: chaka chakuti munalandira zingati za 2.75 peresenti, zinamanga chiyani, kuti, kontirakitala anali ndani, ndipo acta ya msonkhano umene unasankha ntchitoyo ili kuti. Kalata yongoti tikufuna kudziwa za ndalama za malasha imayankhidwa ndi mawu ozungulira. Yankho likabwera, pitani anthu atatu kapena anayi pamalopo, muwerenge makalasi ndi maso anu, mujambule zithunzi. Masiku 21 akadutsa kuli zii, tengani kope lodindidwa lija mukadandaule kwa wamkulu wa ofesiyo, kwa Provedor de Justiça, amene amalandira madandaulo a nzika pa maofesi a boma, kapena ku khothi loona za kayendetsedwe ka boma.

Zionetsero ndi ufulu wanu pa ndime 51 ya malamulo aakulu a dziko. Lei 9/91 safuna kuti mupemphe chilolezo, amafuna kuti mudziwitse akuluakulu a tauni ndi apolisi polemba, kutatsala masiku anayi ogwira ntchito. Kalatayo isainidwe ndi okonza 10, itchule tsiku, ola, njira ndi cholinga. Ambiri amalakwitsa powerengera Loweruka ndi Lamlungu, apolisi n'kupezerapo chifukwa.

Kwanu komweko kuli phunziro. Mabanja oposa 1,300 anachotsedwa m'malo awo, ambiri n'kusamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, kuti mgodi wa kampani ya Vale uyambe. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, ndipo apolisi anawabalalitsa mwankhanza. Chaka chomwecho kunatuluka Decreto 31/2012, malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Mawu awo anamveka, koma anawalipira ndi matupi awo. Kutseka msewu kapena njanji ndi mlandu, ndiye ife sitikulangizani njira imeneyo pamene mapepala simunawathe.

Funso: Ndimalemba kuchokera ku Tsangano. Kodi kuvutika konseku n'kwachiyani, popeza aliyense amati mavoti amasinthidwa usiku?

Yankho: Bambo, madandaulo amenewo si achabe. Chisankho cha matauni cha 2023 ndi chachikulu cha 2024 zinadzetsa mikangano yoopsa, ndipo mu 2023 Conselho Constitucional, bwalo limene limagamula komaliza pa zisankho, inasintha zotsatira za matauni ena. Koma oweruza amayang'ana edital, pepala la zotsatira za tebulo lililonse, osati mphekesera.

Ntchito yaikulu ili pa delegado, woimira mndandanda wanu pa tebulo lovotera. Ayenera kukhala wolembetsa, wodziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo chiphaso chake chipemphedwe msanga ku komiti ya zisankho ya boma, osati sabata yomaliza. Afike matebulo asanatsegulidwe kuti aone bokosi lili lopanda kanthu. Asachoke mpaka mavoti awerengedwe, edital ilembedwe m'manambala ndi m'mawu, isainidwe, idindidwe, imatidwe pakhomo, iye n'kulandira kope lake. Matebulo ambiri amatayika chifukwa cha njala ndi mdima. Delegado wafika m'bandakucha osadya, dzuwa likamalowa wapita kukasaka nsima, ndiye kuwerenga kumayamba iye kulibe. Bajeti ya kampeni iyambire pa chakudya, madzi, tochi ndi foni yodzadza moto ya munthu aliyense wa pa tebulo. Malaya ndi zitenje zibwere pambuyo.

Akaona cholakwika alembe dandaulo pomwepo ndi kusunga kope. Kukasuma ku khothi la boma muli ndi maola 48 okha zotsatira zikamatidwa. Kwanu ku Tsangano, kumene midzi ina ili kutali ndi likulu, njinga yamoto ndi mafuta ake zikhale zokonzeratu usiku womwewo.

Funso: Mwana wanga wamkazi walowa m'zimenezi ku Furancungo, ndipo ine tulo sindikuona. Ndimuletse?

Yankho: Mayi, mantha anuwo ali ndi maziko. A Anastácio Matavele, amene ankatsogolera oyang'anira chisankho ku Gaza, anaphedwa ku Xai-Xai pa 7 Okutobala 2019, ndipo khothi linapeza apolisi ena olakwa. Loya Elvino Dias ndi a Paulo Guambe, a kumbali yotsutsa boma, anawomberedwa ku Maputo mu Okutobala 2024. Komabe kumuletsa kungangomupangitsa kuti azichita mobisa, ndipo pamenepo ndi pamene angakhale pangozi yaikulu.

Muthandizeni kuti asakhale yekha. Makalata azisainidwa ndi bungwe lonse, ndipo olankhula pa wailesi azisinthana. Asatchule munthu kuti ndi wakuba popanda pepala m'manja, chifukwa mlandu woipitsa dzina umatha kumutsekera njira yonse. Makope a zikalata akhale m'nyumba ziwiri zosiyana. Akaitanidwa kupolisi apite ndi mnzake, ndipo inu mudziwe ola limene walowa. Nambala ya ofesi ya IPAJ, imene imathandiza anthu osauka pa milandu popanda kulipira, ikhale yolembedwa papepala kunyumba kwanu, osati m'foni mwake mokha.