Tifunseni: Kodi Askaryan anali ndani, ndipo kanthu kangathamange bwanji kuposa kuwala?

Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera cha ku Santhe, m'boma la Kasungu. Mwezi watha mtsikana wina wa Fomu 4 anabwera ndi nkhani imene anaiwerenga pa foni ya achimwene ake, yonena za chibaluni chimene chinkauluka pamwamba pa Antarctica n'kumatchera khutu ku madzi oundana. M'nkhaniyo munali dzina la Askaryan, katswiri wa fizikisi wa mtundu wa Armenia, komanso mawu akuti tinthu tina timathamanga kuposa kuwala. Mwanayo anandikumbutsa pamaso pa anzake kuti ine ndemwe ndinawaphunzitsa kuti palibe chopambana kuwala pa liwiro. Ndinamulonjeza yankho teremu isanathe, ndiye chonde ndithandizeni.
Mphunzitsi, Kasungu

Aphunzitsi, musade nkhawa, chifukwa zimene munaphunzitsa n'zoona, ndipo zimene mwanayo anawerenga n'zoonanso. Tiyambe ndi munthuyo, kenako tifike pamene mfundo ziwirizi zikukumanirana.

Gurgen Askaryan anabadwa pa 14 Disembala 1928 mumzinda wa Moscow, ndipo anamwalirira momwemo pa 2 Malichi 1997. Makolo ake onse anali a mtundu wa Armenia ndipo ankagwira ntchito zachipatala. Armenia ndi dziko lamapiri limene likulu lake ndi Yerevan. Kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a Malawi, ndipo mpaka mu 1991 linali mbali ya Soviet Union. N'chifukwa chake ana ambiri a mtunduwu ankaphunzira ndi kugwira ntchito ku Moscow osadziona ngati alendo. Askaryan anaphunzira fizikisi pa Moscow State University, ndipo zaka zambiri za ntchito yake anazithera ku Lebedev Physical Institute. Funso limene linamudya moyo wake wonse linali limodzi: kodi chinthu chothinana, monga galasi, mchere, mchenga kapena madzi, chimachita chiyani kuwala kwamphamvu kapena kanthu kothamanga kwambiri kakalowa mkati mwake?

Tsopano za liwiro. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi pamalo opanda kanthu kalikonse, ndipo liwiro limeneli ndi limene silingapambanidwe. Koma kukalowa m'madzi kumachedwa n'kufika pa makilomita pafupifupi 225,000 pa sekondi, ndipo m'galasi kumachedwa kuposa pamenepo. Choncho kanthu kokhala ndi mphamvu yaikulu kangathe kupitirira kuwala mkati mwa madziwo popanda kuphwanya lamulo limene inu munalemba pa bolodi. Kakatero, ngati kali ndi mphamvu ya magetsi monga elekitironi, kamasiya m'mbuyo funde la kuwala, monga mmene bwato la injini limasiyira mizere iwiri yotambasuka pa nyanja likamathamanga kuposa mafunde amene likuwadzutsa. Pavel Cherenkov anaona zimenezi mu 1934 ku Lebedev komweko, ndipo mu 1958 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Ilya Frank ndi Igor Tamm amene anafotokoza chifukwa chake.

Chimene Askaryan anawonjezera, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndi chimene chinakweza chibaluni chija m'mwamba. Iye anawerengera kuti kanthu kamphamvu kwambiri kochokera kuthambo kakagunda atomu m'chinthu chothinana, pamabadwa chigulu cha tinthu tina, ma elekitironi ndi anzawo otchedwa positron, amene mphamvu yawo ya magetsi ndi yotsutsana. Magulu awiriwa akanakhala ofanana chiwerengero, zizindikiro zawo zikanafafanizana ndipo sipakanamveka kanthu. Koma chigulucho chikamadutsa chimakokolola ma elekitironi a m'maatomu a chinthucho, pamene ma positron ena amatheratu panjira, kotero kuti mbali imodzi imachuluka ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse. Apa ndi pamene pagona nzeru yake. Popeza chigulucho n'chaching'ono, chotambalala masentimita ochepa chabe, mafunde a wailesi amene tinthuti timatulutsa amanyamukira pamodzi n'kuphatikizana, m'malo mosokonezana. Taganizani za amayi khumi osinja chimanga: aliyense akamagwetsa munsi pa nthawi yake mumangomva phokoso losalongosoka, koma onse akagwetsa nthawi imodzi mdidi wake umamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Tinthu tikachuluka kakhumi, mphamvu ya funde la wailesilo imakula ka 100.

Anatchulanso malo oyenera kumvetserako: madzi oundana, miyala ya mchere ndi dothi louma la pa mwezi, chifukwa zinthu zimenezi zimalola mafunde a wailesi kudutsa mtunda wautali, pamene madzi wamba ndi dothi lonyowa zimawameza msanga.

Chimene chimatikhudza mtima ife pa mbiri imeneyi ndi kutalika kwa nthawi imene ganizoli linakhala papepala. Linatsimikizidwa koyamba mu 2000 ku SLAC, malo ofufuzira a ku California, pamene David Saltzberg, Peter Gorham ndi anzawo anaombera kuwala kwamphamvu kwambiri m'bokosi la mchenga wolemera matani oposa atatu, ndipo funde la wailesi linatuluka monga mmene masamu ananenera. Apo n'kuti mwiniwake atagona m'manda zaka zitatu. Pambuyo pake anayesanso ndi mchere, kenako ndi madzi oundana mu 2006. Chibaluni chimene mwana wanu anawerenga chimatchedwa ANITA. Chinauluka koyamba mu Disembala 2006, ndipo chinapita m'mwamba kanayi konse mpaka mu 2016, pa mtunda wa makilomita oposa 30 kuchokera pansi, chikusaka kanthu kovuta kukagwira kotchedwa neutrino pomvetsera mafunde a wailesi amene angatuluke kanthuko kakagunda atomu m'madzi oundanawo. Muwauze ana moona mtima kuti ANITA sinagwire neutrino yotsimikizika ya mtundu umene inkafuna, koma inasonyeza kuti tinthu timeneti n'tosowa kuposa mmene akatswiri ena ankaganizira, ndipo chimenechonso ndi chidziwitso.

Ulemu umene analandira ali moyo unachokera ku ntchito ina. Laser yoyamba, chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika mbali imodzi, inapangidwa mu 1960, ndipo mu 1962 Askaryan ananena kuti kuwala kwamphamvu kotere kumasintha chinthu chimene kukudutsamo. Popeza kuwalako kumakhala kwamphamvu pakati kusiyana ndi m'mphepete, chinthucho chimasanduka ngati galasi lija limene ana amayatsira pepala padzuwa, ndipo kuwalako kumadzisonkhanitsa kokha n'kukhala kanjira kopyapyala m'malo momwazikana. Opanga ma laser akuluakulu amaliopa khalidwe limeneli chifukwa limatha kuboola magalasi a makina awo omwe. Pa ntchito imeneyi analandira Lenin Prize, mphoto yaikulu ya Soviet Union, mu 1988 pamodzi ndi akatswiri anzake angapo.

Pofotokozera kalasi, yambani ndi tambula ya madzi ndi pensulo. Pensulo imaoneka yothyoka pamene yalowera m'madzi chifukwa kuwala kwasintha liwiro pamalo pomwepo, ndipo mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sadzavutika kumvetsa kuti liwiro la kuwala m'madzi ndi lina, la pamalo opanda kanthu ndi linanso. Mukatero mumupatse mtsikanayo choko agawe 225,000 ndi 300,000 pa bolodi, apeza 0.75, kutanthauza kuti elekitironi yothamanga kuposa magawo atatu mwa anayi a liwiro lenileni la kuwala yayamba kale kusiya funde lake m'madzimo.