Mwana wanu akufuna kutsogolera orchestra? Kandodo kaja kamabwera pomaliza

Bambo wina wafunsa za mwana wawo wa Folomu 3 amene amaimbitsa kwaya ya kusukulu ndipo akufuna kudzatsogolera orchestra, gulu lalikulu la oimba ndi zida zosiyanasiyana. Ayambire pati?

Bambo, ayambe ndi chida choimbira. Wotsogolera orchestra wotchuka Gustavo Dudamel anayamba ndi vayolini ku Venezuela, kenako anapambana mpikisano wa otsogolera ku Bamberg, ku Germany, mu 2004. Wotsogolera wina wotchuka, Simon Rattle wa ku England, ankaimba piyano ndi ng'oma asanapatsidwe orchestra ya ku Birmingham mu 1980, ali ndi zaka 25. Timalimbikitsa piyano chifukwa imazoloweretsa khutu kumva mawu angapo nthawi imodzi.

Sol-fa ya kukwaya ndi maziko abwino, koma siyokwanira. Aphunzire manotsi a pamizere isanu, ndipo alembe mayeso a ABRSM (bungwe la ku Britain loyesa za nyimbo), makamaka Grade 5 ya theory, kutanthauza malamulo a kalembedwe ka nyimbo. Tsamba la wotsogolera limakhala ndi mizere ya zida zonse, nthawi zina yoposa 20, ndipo zida zina sizimveka monga zalembedwera: clarinet ya B-flat imatsika ndi toni imodzi, horn ya F imatsika ndi masitepe asanu. Wosadziwa izi amadzudzula woimba amene sanalakwe, ndipo ulemu umathera pomwepo.

Potsogolera, dzanja lamanja limawerenga kugunda, lamanzere limalowetsa oimba ndi kuonetsa pokweza kapena potsitsa. Ongoyamba amalakwa pa zitatu: kukweza dzanja mochedwa mpaka gulu kulowa mobalalika, kumata maso papepala, ndi kulankhula kwambiri pokonzekera. Orchestra yolipidwa imakonzekera konsati katatu kapena kanayi basi.

Pa maphunziro, University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo. South African College of Music ku Cape Town ili mumzinda umene muli Cape Town Philharmonic, choncho wophunzira amamva orchestra ndi makutu ake. Ambiri amatenga digiri ya chida kaye, utsogoleri n'kudzaphunzira pa masters. Popempha malo, sukulu zimafuna vidiyo yoonetsa nkhope ndi manja ake akutsogolera, ndiye azijambula kamera ili kumbuyo kwa oimba.

Kunena zoona, malo a ntchitoyi ndi ochepa, ndipo zaka zoyamba amakhala wothandizira, ndalama akupeza pophunzitsa. Kwaya ija asaisiye. Apemphenso bandi ya zitoliro ya kutchalitchi kuti aziitsogolera nyimbo imodzi pa sabata.