Uthenga wa munthu wopanda dzina wandisowetsa tulo

Azakhali,

Ndakhala pabanja zaka 7 ndipo tili ndi ana awiri. Lachiwiri lapitali ndikusankha nyemba pakhonde, panabwera uthenga wa pa WhatsApp wochokera pa nambala yachilendo, yopanda ndi chithunzi chomwe. Akuti: "Mayi, amuna anu ali ndi chibwenzi kuntchito, tsegulani maso." Pansi pake analemba kuti Anonymous. Nditafunsa mng'ono wanga ngati akumudziwa mkazi wa dzina limeneli, anangoseka. Nambalayo ndikaimba sikupezeka. Bambowo sindinawauze, koma ndikamawaikira madzi osamba mtima umandiwawa. Kodi ndilongedze?

Mayi wa ku Chilomoni

Mwana wanga,

Mng'ono wakoyo akanakuthandiza m'malo moseka. Anonymous si dzina la munthu. Ndi mawu a Chingerezi otanthauza "wopanda dzina", ndipo nawonso Angereziwo anachita kubwereka kwa Agiriki kudzera m'Chilatini: "an" ndiye kuti popanda, "onyma" ndiye dzina. Anayamba kuwalemba cha m'ma 1600, makamaka pa mabuku ndi ndakatulo zosadziwika mwini wake. Ife tili atsikana kalata zotere zinkabwera pa positi, pansi atalemba kuti "wokufunirani zabwino". Zina zinapasuladi mabanja a anthu osalakwa.

Ndiye usavutike n'kufunafuna mkaziyo. Funso ndi lakuti, wabisalayu akuopa chiyani? Ena amabisa dzina chifukwa akunena zoona koma akuopa kudana ndi mnzawo wa kuntchito. Ena ndi nsanje basi, akudziwa kuti pamaso pa ankhoswe sangaibwereze nkhaniyo. Ine pano sindingadziwe kuti uyu ndi uti, iwenso sukudziwa.

Chomwe ukudziwa ndi mwamuna wako. M'kalata yako sunadandaule kuti wayamba kubwera usiku, kugonera foni pansi pa pilo kapena kuchepetsa ndalama ya ndiwo. Ngati zonsezi palibe, chikwama chibwerere pamwamba pa wodulobu.

Ana akagona, muonetse uthengawo osawonjezera mawu ako, umuyang'ane kumaso akamawerenga. Yankho lake likapanda kukukhutiritsa, itana ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Uthengawo usafufute. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse kuno ku Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso, choncho nambalayo ili ndi mwini wake. Akayamba kukutukwana kapena kukuopseza, pita nayo foniyo kupolisi.

Azakhali