Kodi mapepala a chuma cha masiye cha agogo anu alidi ku Zomba?

Mayi wina wa ku Ntcheu, mbali ya Tsangano, andilembera kalata pa imelo. Agogo awo aamuna anali ndi sitolo ndi chigayo, anamwalira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pamudzi pamamveka kuti anasiya wilo komanso kuti nkhani ya chuma chawo inakafika kukhoti. Akufunsa kumene angakapeze mapepalawo ndi poyambira pake.

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndafotokoza za kwathu, chifukwa funso lanuli ndi lomwe linandivutitsa ine zaka zambiri, ndipo zimene ndinapeza zikuthandizani kudziwa chimene mukupita kukafuna musanawononge ndalama ya basi.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali mkamwini pamudzi wina kufupi ndi Bembeke kuno ku Dedza. Monga amuna ambiri a nthawi yawo, anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo sanadzere kwa Mthandizi kapena kwa Wenela, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito zakunja, anapita pa selefu. Anamwalira kumgodi m'zaka za m'ma 1950, naikidwa komweko. Uthenga wa maliro unabwera ndi mnzawo amene ankabwerera kumudzi, ndipo patapita miyezi ingapo mesenjala anafika kwa anyakwawa ndi kalata yoitana abale a malemu kuti akaonekere ku Boma. Amene anapita ndi mchimwene wawo wa malemu pamodzi ndi mphwawo, pakuti pa mwambo wathu wa chikamwini chuma cha mwamuna chinkayang'ana kumbumba ya kwawo, kwa alongo ake ndi ana a alongo akewo, osati kwa mkazi ndi ana amene iye anabereka. Agogo aakazi analandira bulangete ndi sutikesi. Atasudzulidwa, nkhani inathera pomwepo, ngakhale kuti mumtima mwawo sinathe, popeza mpaka ukalamba wawo ankanenabe kuti ndalama zinabwera koma zinalowera kuchimuna. Mayi anga anasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, ndipo m'banja mwathu zinthu ziwirizi, ndalama ya kumgodi ndi sukulu ya mayi, zinkatchulidwa pamodzi nthawi zonse.

Nditakula ndinafuna kuona ndi maso anga chimene chinalembedwa. Ambiri a ife timaganiza kuti munthu aliyense amene anamwalira ali ndi kanthu ali ndi fayilo yake kukhoti, yolembedwa dzina lake pachikuto, imene ikungodikira mdzukulu kuti adzaitsegule. M'dziko muno sizinayende choncho. Khoti lalikulu linakhazikitsidwa mu 1902, dziko lino likutchedwabe British Central Africa, ndipo ntchito yotsimikiza wilo ndi kupereka makalata oyendetsera chuma cha masiye inkatsata malamulo a ku England. Amene ankafika kumeneko kwenikweni anali azungu a m'maesiteti, amishonale, amwenye a masitolo ndi anthu akuda owerengeka amene anali ndi malo a pepala kapena ndalama kubanki. Munthu wamba wa kumudzi chuma chake chinkagawidwa pa mwambo, pabwalo, pamaso pa eni mbumba ndi ankhoswe, popanda wogwira cholembera. Kuyambira mu 1933, pamene boma la atsamunda linapatsa mafumu akuluakulu monga a Gomani, a Kachindamoto ndi a Kachere makhoti ovomerezeka ndi lamulo, milandu ya ng'ombe ndi katundu wa malemu inayamba kulembedwa ndi makalaliki m'mabuku a khoti la mfumu, ndipo a DC ankawayendera mabukuwo. Koma cholembedwa chinali mlandu wokhawo umene anthu akangana mpaka kukasuma. Banja limene linagawana mwamtendere, kapena limene mkazi wamasiye anangokhala chete, silinasiye chilembo chilichonse.

Ndiye chinthu chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: pepala limatsata ndalama monga nyerere zitsatira shuga. Funso loyenera si lakuti wilo ya agogo ili kuti, koma lakuti chuma chawocho chinadutsa m'manja mwa ofesi iti ya boma. Za agogo anga zinalembedwa pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti malipiro awo otsala anachokera kunja kwa dziko, ndipo ndalama yotere inkatumizidwa kudzera kwa a DC a boma la kwawo kwa malemu kuti iwo apeze woyenera kulandira. Akanamwalirira pamudzi ali ndi ng'ombe zodzaza khola, sindikanapeza kanthu.

Ndinazipeza ku National Archives, ofesi yosunga zakale za boma ku Zomba, osati m'mafayilo a khoti ayi, koma m'makalata a ofesi ya DC okhudza chuma cha anthu omwalirira kunja. Panalibe fayilo ya iwo okha. Unali mzere umodzi pakati pa mayina a anthu ena ambiri: dzina lawo lolembedwa mokhota monga analimvera kalaliki wa kumgodi, dzina la mudzi, dzina la mfumu, mapaundi ndi mashilingi ochepa, kenako chidindo cha chala cha amene analandira, ndi mawu amodzi osonyeza kuti iyeyo anali mbale wa malemu. Dzina la agogo aakazi silinalipo. Ana, kuphatikizapo mayi anga, sanatchulidwe. Ndalamayo inali yochepa kuposa mmene inkamvekera pamudzi, komabe pa nthawi imeneyo ikanatha kumusunga mwana pasukulu.

Apa ndiye pamene maganizo anga anauma, ndipo sindibisa. Anthu ophunzira amakonda kunena kuti pepala silinama, ndipo akaona chidindo cha boma amaleka kufunsa. Pepala limene ndinaliwerenga silinaname, koma linalemba mawu a munthu amene anafika pawindo la ofesi, ndipo wofika pawindo nthawi zambiri anali mwamuna, wodziwa njira ya ku Boma, wotha kuyankhula ndi mesenjala, woperekezedwa ndi anyakwawa. Mkazi wamasiye anali kumudzi, atameta, akudikira kusudzulidwa. Choncho mukadzapeza fayilo imene ikunena kuti banja lonse linagwirizana kuti chigayo chipite kwa uje, mudzadzifunse kuti banja lonselo anali ndani, ndipo ndani amene analibe mpando pamsonkhanowo. Sindikunyoza mwambo wa makolo. Pamene chuma chinali makasu, mbuzi ndi nkhokwe, ndipo ana ankaleredwa ndi amalume awo pamudzi wa mayi wawo, dongosolo lija linali ndi nzeru zake, chifukwa mwana wotaya kwa bambo ankapeza kwa malume. Chinasokoneza zinthu ndi ndalama ya malipiro, sitolo, chigayo ndi nyumba ya malata, zinthu zimene mwamuna ndi mkazi ankazipeza limodzi ndi thukuta la pabanja, koma pa imfa zinkagawidwa ngati kuti mkaziyo anali mlendo.

Boma la Malawi litadzilamulira linayesa kulowererapo ndi lamulo la Wills and Inheritance Act la 1967, ndipo agogo anu, mayi, anamwalira lamuloli likugwira ntchito. Mwamuna akamwalira osasiya wilo, lamulolo linkayang'ana boma limene ukwati wake unamangidwira. M'maboma a malowolo, monga a kumpoto, theka la chuma linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemu, theka linalo kwa olowa m'malo a pa mwambo. M'maboma a chikamwini, kumene Dedza ndi Ntcheu anawerengedwa, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri mwa asanu, ndipo atatu otsalawo ankapita kwa abale. Amene amadziwa Ntcheu aona kale vuto lake, pakuti pakati pa Angoni a kwa Gomani muli mabanja a chikamwini, a chitengwa, ndi ena amene ankapereka ng'ombe, koma lamulo linawaika onse mumtanga wa boma limodzi. Kulanda chuma cha masiye kunadzakhala mlandu wolembedwa m'lamuloli mu 1998, ndipo mu 2011 linalowedwa m'malo ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena odalira malemu. Ndanena zonsezi kuti mukadzaona kagawidwe m'fayilo ya 1972 musadzakayeze ndi lamulo la lero. Zimene lero tingazitche kulanda, zina mwa izo zinali zololedwa ndi lamulo la nthawiyo, ndipo ichi ndi chimene chimandiwawa koposa.

Palinso mawu akuti nkhani inakafika kukhoti, amene ndikukupemphani muwafufuze bwino kwa akuluakulu. Makhoti a mafumu aja anasinthidwa mu 1962 kukhala Local Courts, ndipo mu 1969 anatchedwa Traditional Courts, amene anagwira ntchito mpaka nthawi ya kusintha kwa ndale mu 1994. Munthu wa kumudzi akanena kuti tinapita kukhoti m'zaka zimenezo, kawirikawiri amanena khoti lotereli, la pafupi ndi kwawo, osati High Court ya ku Blantyre. Kusiyana kwake ndi kwakukulu kwa wofufuza, chifukwa ku High Court nkhani iliyonse ili ndi nambala ndi chaka chake m'kaundula, pamene m'makhoti ang'onoang'ono milandu inkalembedwa motsatana m'buku malinga ndi tsiku lozenga, ndipo muyenera kutsegula tsamba ndi tsamba. Wilo nayonso ili pawiri. Ilipo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, imene inkatha kukatsimikizidwa kukhoti, ndipo alipo mawu amene munthu ankasiya ali pamphasa, kapena kakalata kosungitsa kwa abusa, kwa akatekisiti kapena kwa mphunzitsi wamkulu, kamene pamudzi kamatchedwanso wilo ngakhale sikanafike muofesi iliyonse.

Sitoloyo payokha ingakutsogolereni kwina. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera akumidzi akakhale m'mizinda ikuluikulu, ndipo masitolo ambiri a m'malo ochitira malonda anagulidwa ndi Amalawi pa nthawiyo. Sitolo ndi chigayo zinkafuna laisensi, ndipo puloti ya pamalo ochitira malonda inkakhala ndi mapepala ake, kotero dzina la amene anatenga malowo agogo atamwalira lingaoneke kumeneko ngakhale fayilo ya chuma cha masiye itasowa. Munda wa makolo wokha musaufune m'mapepala amenewa, chifukwa unkayendetsedwa ndi mafumu.

Musananyamuke kupita ku Zomba

Yambani ndi azimayi achikulire a pamudzi, makamaka amene anali atsikana pa nthawi ya maliro, pakuti iwo amakumbukira amene ananyamula chiyani. Lembani mayina onse amene agogo ankadziwika nawo, la ubatizo, la kuntchito, la bambo awo ndi chiwongo chawo, komanso mudzi ndi mfumu yaikulu monga zinalili nthawiyo. Kumbukirani kuti m'mapepala akale boma lanu linkalembedwa Ncheu. Chaka cha imfa ndicho kiyi, ndipo popeza kulembetsa imfa sikunali kokakamiza kwa anthu akuda nthawi imeneyo, kafunseni m'mabuku a mpingo umene ankapemphera, kaya ku Nzama, kumene ansembe Achikatolika a Montfort anafika mu 1901, kaya ku Mlanda kapena ku Gowa. Poti kwanu ndi m'malire, tsimikizaninso kuti sitoloyo inali mbali ya Malawi, chifukwa za ku Angonia, mbali ya Mozambique, sizingapezeke ku Zomba.

Mukatero pitani ku ofesi ya DC ku Ntcheu, kwa amene amaona za chuma cha masiye, kenako mulembere ofesi ya Administrator General, imene imayendetsa chuma cha masiye m'malo mwa boma, ndi kaundula wa High Court, kumene nkhani zotere tsopano zili pansi pa Family and Probate Division. Chimene mukupempha konseko ndi nambala ya fayilo ndi chaka chake. Ku Zomba mupite pomaliza, mutalemberatu kalata yofotokoza chimene mukufuna, mutatenga chiphaso cha unzika, pensulo ndi ndalama yolipirira kufufuza ndi kukopera. Pemphani mndandanda wa mafayilo a khoti ndi wa ofesi ya DC, ndiponso Gazette ya boma ya chaka chimenecho ndi chotsatira, mmene zidziwitso za chuma cha omwalira zinkasindikizidwa. Ofesi yosunga zakaleyi inayamba mu 1947, ndipo moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zambiri za m'mbuyo mwake, koma zaka zanu zili kutali ndi ngozi imeneyo.

Ngati cholinga chanu ndi kukatsegulanso mlandu wa chigayocho, kaonaneni ndi loya kapena a Legal Aid Bureau musanauze aliyense pamudzi, chifukwa lamulo limaika malire a nthawi yosumira, ndipo zaka zoposa 50 si zochepa. Dziwaninso kuti mafayilo ena amene akusungidwa ku Zomba kapena ku nthambi ya ku Lilongwe amakhala akadali m'manja mwa ofesi imene inawatumiza, ndipo kuti muwaone pamafunika kalata ya chilolezo yochokera ku ofesiyo, choncho ipempheni pa ulendo womwewo umene mukukafunsa nambala ya fayilo.