Ma glow stick powedza usiku: yankho kwa achimwene a ku Nkhotakota

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nkhotakota. Akuti alamu awo a ku Joni awatumizira paketi ya ma glow stick, timachubu tapulasitiki tija ukatipinda timayamba kuwala ngati chiphaniphani, ndiye akufunsa ngati angasiye kuvutika ndi mabatire a nyali n'kumaitanira usipa ndi timeneti.

Achimwene ayi, pa usipa musayerekeze, mudzabwerako ndi chilimira, ukonde wa usipa uja, chopanda kanthu. Siginala, msodzi woitana usipa ndi nyali uja, akayatsa nyali zake pa bwato, kaya ndi tile ya parafini kaya ma LED amasiku anowa, kuwala kumalowa pansi ndithu mpaka tizilombo tam'madzi kusonkhana, usipa n'kulondola, ndiye ngati mwezi wokha ukawala usipa umabalalika nanga kachubu kochepa kuposa chala kangatani? Kameneka ntchito yake ndi ya maso anu, osati a nsomba.

Mkati mwake muli kabotolo kagalasi kopyapyala ka hydrogen peroxide, kunja kwake mankhwala ena osakaniza ndi utoto. Mukapinda mumamva kuti thwa, ndiye kuti galasi lasweka, mukhutchumule pang'ono basi kayaka, popanda moto popanda batire, ndipo sikatentha. Koma kakayaka kayaka, kulibe kuzimitsa. Obiriwira ndi amene amawala kwambiri, pa paketi amakonda kulemba maola 8 mpaka 12 koma kunena zoona kuwala kwenikweni ndi kwa maola oyambirira, kukamacha kamakhala katafooka. Kukatentha ngati mu Okutobala kamawala mwamphamvu n'kutha msanga, nthawi ya mwera kamawala mofatsa koma kamakhalitsa.

Pamene ine ndimatikondera ndi pa mbedza. Tating'ono ta 4.5mm tija timabwera ndi kapaipi kofewa, mumavalika pamwamba pa choyandama, kapena kungomanga ndi selotepi kunsonga kwa ndodo. Tsiku lina ku Senga Bay ndinakhala pamwala ndi nyambo ya usipa, mdima wa ndiweyani, ndikungoyang'ana kadontho kobiriwira patali. Kanagwedera kawiri, kenako kanangomira mwakamodzi ndipo ndimakaona kakuthawa pansi pamadzi, kukoka chonchi mlamba wabwino ndithu. Popanda kameneko ndikanamayatsa tochi mphindi iliyonse n'kumaopseza nsomba za m'madzi osaya, komanso udzudzu ndi tizilombo kudzaza kumaso.

Ngati mumatchera chingwe cha mbedza zambiri cha kampango kapena bombe, mangani chachikulu pa chigubu chapamapeto kuti musazunzike pochifuna m'mdima. Kungoti akuba nawonso amaona, zimenezo muganize nokha hahaha.

Nsomba zokopeka nazo ziliko, asodzi a swordfish, nsomba yaikulu ya mlomo wautali ngati lupanga, kunyanja zamchere amamanga ma glow stick pafupi ndi nyambo, koma kumeneko ndi kozama kwa mdima weniweni. Ndipo ogwiritsidwa kale amatayidwa m'madzi n'kumakatsakamira m'magombe, zomwe ine sindingafune kuziona pa mchenga wa kwathu. Akatha ikani m'thumba mukataye kumtunda, ana asatole n'kumaluma poti madzi akewo amawawa m'maso ndi m'kamwa, mulinso tizidutswa tagalasi.

Otsalawo asiyeni m'kapepala kawo konyezimira osatsegula, pamalo pouma, chinyezi chimawapha asanagwire n'komwe ntchito. Alamuwo akamatumizanso muwauze kuti obiriwira okhaokha.