Khansa inatenga mayi anga: kodi nanenso ili m'magazi mwanga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa zaka 31, dzina lake ndisunga. Amayi ake anamwalira ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 46, ndipo chaka chino mayi ake aang'ono awapeza ndi khansa ya m'matumba a mazira. Dokotala anangoponyapo mawu akuti mwina ndi za majini (genes, malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo, osati mizimu), n'kupitiriza zina. Kuyambira tsiku limenelo tulo sakuliona. Akufunsa ngati nayenso khansayi ikumudikira, komanso ngati anapatsira kale mwana wake wamkazi wa zaka 4.

Achemwali, pepani ndi za amayi anu. Ndikuyankhani mosabisa: mbiri ya banja lanuyi ndi yoti musaikhalire chete, koma sikutanthauza kuti mlandu wanu unagamulidwa kale.

Tiyambire pa majiniwo. M'maselo a thupi lanu muli DNA, malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondandalikana pafupifupi 3 biliyoni. M'menemo muli majini okwana pafupifupi 20,000, ndipo pafupifupi jini iliyonse muli nayo pawiri, ina ya kwa amayi, ina ya kwa abambo. Selo ikamagawikana imayenera kukopera zonsezo. Imakopera mwaluso kwambiri, koma apa ndi apo chilembo chimasinthika, chimadumphidwa kapena chimabwerezedwa. Kumeneko ndiye kusintha kwa majini, kumene asayansi amati mutation. Mwana aliyense amabadwa ndi zosintha zatsopano pafupifupi 60 kapena 70 zimene makolo ake alibe. Inu muli nazo, inenso ndili nazo, ndipo zambiri sizichita kanthu mpaka munthu kukalamba.

Zochepa zokha n'zimene zimagwera pamalo ovuta. Matenda a sickle cell amayamba chifukwa cha chilembo chimodzi: pamene panayenera kukhala GAG pali GTG. Kusiyana kwake n'komweko, koma maselo ofiira a magazi amapindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha. Chodabwitsa n'chakuti amene anatengera jini yosinthayi kwa kholo limodzi lokha kawirikawiri sadwala, ndipo malungo oopsa samugwira msanga ngati anzake. Amadwala ndi amene anatengera mbali zonse ziwiri. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti mawu akuti jini yoipa amafupikitsa nkhani mopitirira muyeso.

Tsopano khansa. Khansa iliyonse imayamba ndi kusintha kwa majini, koma yambiri si yakumtundu. Zosinthazo zimaunjikana m'selo pa moyo wa munthu, chifukwa cha utsi wa fodya, dzuwa, mavairasi ena, kapena kungokhala ndi moyo zaka zambiri maselo akukoperakopera. Zoterezi zimathera pa mwiniwake, sizipita kwa ana. Khansa yochokera ku jini yotengera kwa makolo ndi 5 mpaka 10 yokha pa 100 iliyonse.

Chimene chinadzidzimutsa dokotala uja ndikuchimvetsa. Khansa ya m'mawere munthu asanafike zaka 50, kuphatikizapo ya m'matumba a mazira mwa mchemwali wake wa bere limodzi, zimachititsa madokotala kuganizira majini awiri, BRCA1 ndi BRCA2. Wasayansi wa ku America Mary-Claire King ndiye anasonyeza mu 1990 kuti yoyambayo ili pa kromozomu 17 (makromozomu ndi timitolo ta DNA m'selo), itafufuzidwa m'mabanja onga lanuli. Jiniyo inadziwika bwino mu 1994, inzake mu 1995.

Anthu amati "ali ndi jini ya khansa", koma kunena zoona tonse tili ndi BRCA1 ndi BRCA2, amuna ndi akazi omwe. Ntchito yake ndi yokonza DNA ikaduka. Taganizirani njinga ya mabuleki awiri. Munthu wobadwa ndi BRCA imodzi yowonongeka ali ngati wokwera njinga ya buleki imodzi: imayenda bwinobwino, imaimanso, zaka n'kumapita. Vuto limadza buleki yotsalayo ikaduka m'selo imodzi ya m'bere, chifukwa seloyo imayamba kuunjika zolakwika popanda wozikonza. Mnzake wobadwa ndi mabuleki onse awiri amafunika tsoka liwiri m'selo yomweyo, iye limodzi lokha. N'chifukwa chake khansa yakumtundu imakonda kubwera munthu akadali wamng'ono. N'chifukwa chakenso ena otengera jiniyi amakalamba osadwala, buleki yachiwiri ija sinaduke pamalo oopsa.

Manambala ake si okoma, sindikunyengererani. Mwa amayi 10 amene ali ndi BRCA yowonongeka, pafupifupi 6 kapena 7 amadzadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo, pamene mwa amayi wamba ku America ndi mmodzi mwa 8. Ya m'matumba a mazira imagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 100, koma kwa a BRCA1 imafika pafupifupi 4 mwa 10.

Koma onani makwerero amene ali pakati pa inu ndi manambala amenewo. Choyamba, sizinatsimikizike kuti amayi anu anali ndi jiniyi. Mabanja ambiri okhala ndi mbiri ngati yanu amapimidwa osapezeka nayo. Chachiwiri, ngakhale atakhala kuti anali nayo, anakupatsani imodzi yokha mwa ziwiri zimene anali nazo, ndiye mpata woti munalandira yowonongekayo ndi theka. Ngati simunalandire, nkhani yathera pa inu, siingadumphe inu n'kukagwera mwana wanu. Ngati munalandira, mwanayo nayenso ndi theka. Ndiye kuti ngakhale titavomereza kuti agogo ake anali nayo, mpata wa mwana wanu lero ndi umodzi mwa 4.

Mawu akuti kupatsira aja anandikhudza. Jini si chimfine, ndipo palibe chimene munachita kapena kulephera kuchita muli woyembekezera chimene chikanasankha mbali imene mwana atenge.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi pepala ndi cholembera. Lembani abale onse amene anadwalapo khansa, mtundu wake, ndi zaka zimene anali nazo pamene inapezeka. Musaiwale a kuchimuna. Ambiri amangowerenga a kuchikazi poganiza kuti za mawere n'za amayi, chonsecho bambo angathe kunyamula jiniyi mwakachetechete n'kuisiyira mwana wake wamkazi, ndipo mwa amuna imaonekera ngati khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), ya kapamba, nthawi zina ya m'bere momwe. Pepala limenelo mupite nalo kwa dokotala, mupemphe kuonana ndi mlangizi wa za majini.

Pali chinthu chimene ambiri sachiganizira: woyenera kupimidwa poyamba si inu, ndi mayi anu aang'ono aja. Iwo akapezeka ndi chosintha chinachake, madokotala amadziwa chilembo chenicheni choti afufuze mwa inu, ndipo mukapezeka mulibe, yankholo limakhala lodalirika. Mukapimidwa nokha popanda kudziwa chimene chili m'banjamo, zotsatira zoti simunapezeke kanthu sizichotsa chikaiko chonse. Kwa iwonso kupimako kuli ndi phindu, chifukwa pali mankhwala, monga olaparib, amene amagwira bwino ntchito pa khansa ya anthu a BRCA. Kupimako n'kwa magazi kapena malovu basi.

Mukapezeka nayo, njira zilipo. Madokotala amayamba kuunika mawere msanga, ndi makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI kuyambira zaka za m'ma 25 ndi mammogram (X-ray ya mawere) kuyambira 30, chaka ndi chaka. Ena amasankha opaleshoni. Katswiri wa mafilimu Angelina Jolie analengeza mu 2013 kuti anachotsetsa mawere onse awiri atapezeka ndi BRCA1 yowonongeka, ndipo opaleshoni yotereyi imachepetsa chiopsezo ndi 90 pa 100 kapena kuposa. Si onse amene amatsata njira imeneyo, ndipo ine sindingaweruze woikana. Imene madokotala amalimbikitsa kwambiri ndi yochotsa matumba a mazira ndi machubu ake munthu akamaliza kubereka, pakati pa zaka 35 ndi 40 kwa a BRCA1, chifukwa khansa imeneyo ilibe njira yodalirika yoiunikira msanga.

Za mwana wanu, musiyeni azisewera. Madokotala sapima ana aang'ono za BRCA, chifukwa khansazi sizibwera paubwana ndipo palibe choti achite pa msinkhu umenewo. Akadzakwana zaka 18 adzasankha yekha ngati akufuna kudziwa. Mumusungire pepala lija.