Yankho kwa achimwene a ku Ndirande pa za matailosi a njanji

Achimwene, mwati mukusamutsira pa kompyuta masewero a pa tebulo a njanji a mtundu wa 18xx, omwe osewera amayala matailosi a njanji pa mapu, ndipo mukatembenuza tailosi ya mbali 6 njanji sizikukumana ndi za tailosi yoyandikana nayo. Mwafunsa ngati mujambulenso zithunzi zonse. Ayi, musavutike. Zithunzi zilibe mlandu, vuto ndi loti pulogalamu yanu ikudziwa njanji poyang'ana chithunzi m'malo moyang'ana manambala.

Mapu a masewerowa sagona mofanana. M'masewero otchedwa 1830, omwe Francis Tresham anakonza ndipo kampani ya Avalon Hill inatulutsa mu 1986, nsonga ya hex (kabokosi ka mbali 6 ka pa mapu) ndi imene imaloza kumwamba. M'masewero otchedwa 1889, a chilumba cha Shikoku ku Japan, kumwamba kuli mbali yafulati. Kusiyana kwake ndi madigiri 30 okha, koma ambiri amakodwa pomwepo, chifukwa amalemba kuti "njanji ikupita kumpoto", pamene pa mapu osongoka kumwamba palibe mbali yoloza kumpoto n'komwe.

Chitani chonchi. Perekani manambala 0 mpaka 5 ku mbali za hex, kamodzi kokha, ndipo mulembe pamwamba pa code yanu pomwe 0 ali komanso kuti mukuwerenga motsata muvi wa wotchi. Tailosi iliyonse isungidwe ngati manambala. Mmene amachitira a 18xx.games, webusaiti yosewerera masewerowa, omwe code yawo ya m'chinenero cha kompyuta cha Ruby aliyense atha kuiwerenga, tailosi nambala 9 ya njanji yoongoka ndi 0 kupita ku 3, nambala 8 yokhota pang'ono ndi 0 kupita ku 2, nambala 7 yokhota kwambiri ndi 0 kupita ku 1. Kutembenuza ndi nambala ina yapadera. Mukatembenuza kawiri, mumaonjezera 2 ku mbali iliyonse, zikafika pa 6 n'kuyambiranso pa 0. Kuti mudziwe ngati njanji zakumana, onjezerani 3: mbali 1 ya hex yanu imagundana ndi mbali 4 ya mnzake. Madigiri 30 aja muwaike pojambula pokha, asalowe m'malamulo a masewero.

Pali msampha wina womwe ndikuganiza kuti wakugwirani kale, poti mwati zina zikukumana zina ayi. Pa sikirini ya kompyuta y, nambala yosonyeza kukwera kapena kutsika, imakula mukamatsika, osati mukamakwera monga tinaphunzirira kusukulu. Mukakopera masamu a m'buku osaganizira zimenezi, kuwerenga kwanu kumazungulira chobwerera. Pa 7, 8 ndi 9 simungazindikire, chifukwa ngakhale mutaziyang'ana pagalasi zimakhala zomwezo, kungoti zatembenuka. Koma matailosi obiriwira nambala 23 ndi 24 ndi mapasa a pagalasi: ina imapatukira kumanja, ina kumanzere, ndipo ngakhale muzunguze bwanji, 23 singasanduke 24. Mukawerenga chobwerera, zimasinthana mwakachetechete, wosewera n'kupezeka waika tailosi yomwe pa tebulo sakanaloledwa. Yesani ziwirizi musanayese china chilichonse.

Kanthu kena kakang'ono. Nambala 9 ili ndi magonedwe 3 okha osiyana, osati 6, ndiye musamudinitse munthu kasanu ndi kamodzi kuti aone zomwezo. Ma data a foni ndi odula kale, nanji nthawi.

Mwatchulanso kuti mukufuna kudzapanga mapu a njanji ya kuno kwathu. Ine ndingasankhe afulati kumwamba, chifukwa pamenepo njira yoongoka imayenda kummwera ndi kumpoto, ndipo njanji yathu yakale inayenda choncho: kuchokera ku Nsanje inafika mu Blantyre muno mu 1908, kenako n'kupitirira mpaka ku Salima. Mudzavutika pang'ono pa Nkaya, pomwe njanji ya ku Nayuchi ndi Nacala imapatukira kum'mawa, poti njira ya kum'mawa pa mapu otere imayenda mokhotakhota. Zimenezo n'zopirira, matailosi a nambala 8 alipo chifukwa cha ntchito imeneyo.

Za malo a hex pa mapu, mayina ngati E19 asiyireni osewera. M'kati mugwiritse ntchito cube coordinates, pomwe hex iliyonse imadziwika ndi manambala atatu omwe akaphatikizidwa amapereka 0. Amit Patel wa webusaiti ya Red Blob Games anazifotokoza bwino ndi zithunzi. Mukakonza 23 ndi 24 muponye screenshot pagulu pano tione.